Nkhope Imene Ndinakaifuna ku Boma

Ikani kaye mafoniwo pansi, ana inu. Manja pa kachewereyu, makutu kwa ine. Wowola kumbali, wabwino m'thumba. Iwe Chisomo, ndakuona, waibisa m'chitenje ndipo ikuwala ngati chiphaniphani. Ndati pansi.

Ndakumvani mukunong'onezana sabata yonseyi. Mukuti agogo anapita ku boma ku Dedza atavala jekete la kutchalitchi, n'kubwerako chimanjamanja, opanda ngakhale buledi, ndipo chibwerereni angokhala duu. Agogo anu aakazi akuti ndinapita kuchipatala mobisa. Pemphero akuti ndinakaona mkazi wina. Mkazi wina ndi mawondo awa? Ndikuuzani kamodzi kokha, sindibwereza, ndipo wondidula pakamwa asankha yekha mulu wonsewu.

Ndinapita kukafuna nkhope ya abambo anga.

Musayang'anane. Inu nkhope muli nazo zosefukira. Mumajambula mbuzi, mumajambula nsapato, mumajambula ndi milomo yanu yomwe mutaitukula ngati bakha. Ine ndakula, ndakwatira, ndabereka amayi anu, mutu wayera, koma munthu amene anandibereka sindingakuuzeni kuti mphuno yake inali yotani. Sikuti anamwalira ndili khanda ayi. Ndinkayenda, ndinkalankhula, ndinali nditayamba sukulu. Ndinkawaona. Koma nkhope ndilibe.

Abambo anga, aLazaro, anali khukhi wa mzungu. Mzunguyo anali wa boma la atsamunda, ndipo nyumba yake inali m'tsinde mwa phiri, pakati pa mitengo ya paini, ya njerwa zofiira, khonde lake lalitali loti n'kuyanikapo chimanga cha mudzi wonse. Ife tinkakhala kwa amayi kufupi ndi Mphunzi, paja abambo anali mkamwini. Koma mkamwini wake wosaoneka m'munda. Ankagona komweko, kuseri kwa nyumba ya bwana, m'kachipinda konga khola la nkhunda, ndipo kumudzi ankabwera mwa apo ndi apo. Akabwera ankadya ndi amuna anzawo, ana tili kutali. Ndiye nthawi zambiri ndife amene tinkawalondola.

Ulendo wake inu simungauthe. Tinkanyamuka kusanache, amayi atasenza dengu la ufa ndi nyemba, alongo anga aRozina atanyamula chikwatu cha mfutso, ine kumbuyo ndi kabudula wong'ambika kumatako. Chisanu chimene inu mumachidandaula mutavala majuzi awiriawiri, ife tinkachiponda ndi mapazi. Udzu uli mbuu, zikang'a zikuwawa ngati mwathiramo tsabola. Amayi ankatipatsa mbatata yootcha aliyense, osati kuti tidye msanga, koma tifumbate itifunditse manja. Ine yanga inkatha tisanawoloke dambo loyamba. ARozina ankandigawira yawo kwinaku akunditukwana.

Tikafika, chipata chachikulu sitinkachiyang'ana n'komwe. Chinali cha galimoto ya bwana ndi alendo ake. Ife tinali ndi kanjira kathu, kotsata mpanda wa maluwa, kodutsa pa mulu wa nkhuni, n'kukathera pa mtengo wa mapichesi kuseri kwa khitchini. Pamenepo ndiye panali pathu. Tinkakhala pansi. Amayi ankatsokomola pang'ono, kenako “odi” wapansipansi, woti amve abambo okha, dona, mkazi wa bwana, asamve. Ndiye kudikira. Kukakhala alendo m'nyumba, dzuwa linkachita kupendeka tili pomwepo, nyerere zikutiyendera m'miyendo.

Chitseko chikatseguka, ndikuuzeni zimene ndinkaona. Mapazi opanda nsapato, zala zake zotambalala. Thalauza loyera, lositidwa mpaka mzere wake wothwa. Epuloni. Kenako manja. Manjawo ndingakujambulireni pansi pano ndi chala. Dzanja lamanzere linali ndi chipsera chachikulu, chosalala, kuchokera pa chala chachikulu kufika pa mfundo ya mkono, pamene anapsa ndi sitovu ya nkhuni. M'manjamo munkakhala makoko a buledi amene dona sankawafuna, atapakidwa jamu wa mapichesi a mtengo womwe tinkakhala pansi pakewo. Buledi wanu wa m'pulasitikiyu, wofewa ngati thonje, si buledi. Uja unkalira m'kamwa. Ndipo abambo ankanunkhira utsi wa paini, sopo ndi anyezi.

“Mateyu, wakula,” ankatero. “Ukuwamvera amako?”

“Inde, bambo.”

Nditagwada, manja awiri kutsogolo, maso pansi.

Tinaleredwa choncho. Mwana woyang'ana wamkulu m'maso anali wamwano. Ndinayesapo kamodzi kudzutsa maso kwa atsibweni, amayi anandipotokola khutu mpaka ndinamva kulira kwa njuchi. Ndiye ndinakhala mwana womvera. Anthu ankachita kundiyamikira: mwana wa aLazaro ulemu, sadzutsa maso. Ndinamvera bwino kwambiri, mpaka abambo anga sindinawaone.

Azungu atayamba kulongedza katundu, bwana uja anasamukira ku Halale. Akuti ananena kuti sangadye buledi wophika munthu wina. Abambo anapita naye. Anawauza amayi kuti ndi dzinja limodzi lokha, akangomuphunzitsira khukhi wa kumeneko abwerako. Tinapita kukatsanzikana nawo pa mtengo womwe uja. Tsikulo anali atavala nsapato, zakale za bwana, zazikulu moti ankachita kuzikwakwaza. Ndinali ndisanawaonepo mu nsapato. Anaika dzanja pamutu panga, lolemera, lofunda, ndipo linakhalitsa. Apo ndiye pamene ndikanadzutsa maso. Ine maso pa nsapato. Tsiku lomaliza, ana inu, ine ndinkasirira nsapato.

Dzinja linabwera, linapita. Lina linabwera. Anthu anayamba kuwatchula mtchona, dzina la munthu wopita kunja osabwerako. Palibe anabwera ndi uthenga woti amwalira, palibenso woti ali moyo. Ndili sitandade 3 ku mishoni, atsibweni anafika m'mawa ndikutsuka mapazi.

“Mwana wa mtchona, sukulu ya chiyani? Mbuzi zikudya chimanga cha eni.”

Basi, sukulu inathera pomwepo. Anzanga amene ndinkawaposa masamu anadzakhala aphunzitsi, wina mpaka ankabwera ndi galimoto pa Khirisimasi n'kundiponyera moni pawindo. Ine ndi khasu. Musaganize kuti ndinalandira ndi mtima woyera. Ndinali mnyamata wowawa, wamkamwa mwaukali, ndipo ena mukuti mpaka lero. Munthu akatchula dzina la abambo ndinkadzuka n'kuchokapo. Ndinkati munthu uja anasankha kuphikira mzungu kusiya ife. Amayi anakana amuna onse owafunsira, anakalamba akuyang'ana kunjira, ndipo zimenezo zinkangondiwonjezera ukali.

Amene ankaidziwa nkhopeyo anali aRozina. Iwo anali aakulu, komanso anali ndi mwano wabwino, ankaba ndi maso. Koma ankandizunza nayo. Tsiku lina amvekere, “Mphuno yakoyo nja abambo yeniyeni.” Tikayambana, “Iwe sunafanane nawo ngakhale khutu, iwo anali munthu wooneka bwino.” Ine ndinkayankha kuti sindikufuna kufanana ndi mtchona. Sindinawakhazike pansi n'kuwafunsa bwinobwino. Ndinkati alipo, adzandiuza tsiku lina ndikadzafuna.

Chaka chathachi munalipo pa maliro awo aRozinawo. Inu munkaona bokosi limodzi likutsika. Ine nditaponya dothi langa ndinazindikira kuti tikukwirira anthu awiri. Padziko lonse panalibenso wina woti n'kutseka maso n'kuwaona aLazaro.

Pemphero, wowolayo waponya m'thumba. Ndikukuona. Mutulutse.

Amene anandisokoneza mutu ndi Che Saidi, telala uja wa pakhonde la sitolo ku boma, amene amakusokerani mayunifolomu. Tinadziwana kalekale ndikugulitsa kachewere pamsika. Abambo awo ndi amene ankasoka zovala zoyera za antchito a azungu. Ndinapita kukaika chigamba pa jekete, iwo akupalasa makina awo osandiyang'ana.

“AMateyu, munakawaona abambo anu?”

“Mwayamba kumwa mowa pa ukalamba, Che Saidi?”

“Ine? Mulungu andikhululukire. Ndikunena nyumba ya bwana ija. Anaisandutsa myuziyamu, mosungira zinthu zakale. Mdzukulu wanga anapitako ndi sukulu, ndiye ndinatsatira ndikaone makina osokera akalekale amene ankawanena. Pakhoma pali chithunzi. Bwana, dona, ndi antchito onse. Khukhi alipo.”

“Mwawaona nkhope?”

Analeka kupalasa. Anadula ulusi ndi mano, nthawi yaitali kuposa mmene ulusi umafunira.

“Maso angawa atha ndi singano. Pitani mukaone nokha.”

“Ndilibe nazo ntchito.”

“Chabwino. Ndiye mwagwiriranji jekete mozondotsa?”

Ndinakhala miyezi ndisanapite. Ndinkati tithane kaye ndi zokolola, kenako ndinkati kuzizira. Zoona zake ndinkaopa. Munthu wadana naye moyo wako wonse, ukakumana naye maso ndi maso umati chiyani? Nanga ndikakapeza mphuno yangayi pankhope pake?

Sabata yatha ndinadzuka, ndinavala, ndinakwera njinga yamoto ya kabaza mpaka pamsewu waukulu, kenako minibasi. Mtunda umene unkatidyera theka la tsiku, mnyamata wa kabaza uja anaumeza ndisanamalize kumukalipira kuti achepetse liwiro. Dambo lija la mbatata yanga ndinangoliona ngati mphezi, ndipo theka lake ndi kabichi tsopano.

Nyumba ija ilipo. Yafupika, kapena ndine ndatalika. Malata anasintha, koma njerwa ndi zomwe zija, khonde ndi lomwe lija. Chipata chinali chotsegula, ndipo ana asukulu, amsinkhu wanu, ankathamanga pa masitepe akutsogolo, kukankhana, wina akudya chimanga chokazinga n'kumalavulira pomwepo. Pa masitepe a bwana! Ndinaima n'kuwayang'ana. Kenako miyendo yanga inachita zake. Sindinaiuze kanthu. Inakhota yokha, kutsata pomwe panali mpanda wa maluwa, kudutsa pomwe panali mulu wa nkhuni, mpaka kuseri.

Mtengo wa mapichesi anadula. Patsala chitsa, ndipo pambali pake anaikapo mpope wa madzi. Kachipinda ka abambo kulibe, pamera chisoso. Koma chitseko cha khitchini chilipo, chobiriwira, penti yake ikusupuka. Ndinavula chipewa, ndinakhala pa chitsa paja, ndinatsokomola pang'ono.

“Odi,” ndinatero, chapansipansi.

Ndiye ndinadikira. Musandifunse kuti ndinkadikira yani. Dzuwa linasuntha, mthunzi wa nyumba unandichoka pamapazi. Nyerere zinabwera, zidzukulu za zomwe zija. Ndikanakhala pomwepo mpaka madzulo pakanapanda mtsikana wina wogwira ntchito pamenepo, amene anatulukira pangodya ndi kapu kudzatsuka pampope. Anadzidzimuka mpaka kapu inagwa.

“Agogo! Mwadwala?”

“Ndili bwino. Ndaodira kalekale, simuyankha bwanji?”

“Mwaodira kuno? Khomo ndi kutsogolotu, agogo. Mwasochera.”

“Iwe, ine ndinayamba kubwera pano amako asanabadwe. Khomo ndikulidziwa.”

Anayang'ana chitseko chija, anayang'ana ine, anayang'ana chipewa chili pabondo. Anali wanzeru mwanayo, sanaseke. Ananjuta pambali panga.

“Chitseko ichi anachikhomerera, sichitseguka. Ine ndine Tadala, ndimaonetsa alendo. Tiyeni tilowere kutsogolo.”

“Amalola?”

“Ndani?”

Ndinatola chipewa changa. Ndinadzuka.

Masitepe aja si ambiri, koma ndinatuluka thukuta m'chisanu. Pamwamba ndinapukuta nsapato pa chiguduli, n'kupukutanso, mpaka Tadala anati, “Zayera, agogo, mutha chiguduli chathu.” Ndinalowa. Nyumba imene ndinaizungulira ubwana wanga wonse, m'kati mwake ndinali ndisanapondemo.

Zimene asungamo zinayamba zandipsetsa mtima. Mtondo ndi munsi, azunguliza chingwe, akuti musagwire. Mtondo! Wa agogo anu aakazi uli apowu ndi wakale kuposa umenewo, ndipo nkhuku zimaukwera tsiku lililonse. Lichero m'galasi. Chipande m'galasi. Koloboyi, kanyali kathu ka palafini kamene kankatidetsa m'mphuno, akuti chinthu cha makedzana. Ndinati kwa Tadala, “Ndiye inenso mundiike m'galasi, mulembe kuti musagwire.” Anati malo alipo pafupi ndi mphero.

Koma zina zinandikhazika chete. Nsalu ya khungwa la mtengo, yonga imene agogo a amayi anga ankafunda. Khasu losula pamanja, laling'ono, lodyeka mbali imodzi, loti ukaliona umadziwa kuti mwini wake anali wamanzere. Machila onyamulira azungu, mtengo wake wosalala pamene pankakhala mapewa a anthu. Simbi ya makala yokhala ndi katambala pamwamba. Ana asukulu aja ankangodutsa, “Ichi n'chiyani? Ichi n'chiyani?” osadikira yankho, ngati inu nomwe.

Kenako tinalowa m'khitchini, ndipo ndinaona kuseri kwa chitseko chobiriwira chija, mbali imene sindinaionepo. Sitovu ilipo. Yakuda, yachitsulo, yamiyendo yokhota. Ndinaigwira, chingwe kapena ayi. Yozizira ngati mwala wa pamtsinje. Ndinayang'ana pansi pamene munthu angaime akukanda ufa wa buledi, simenti yake yadyeka, yachita kadzenje. Kuchoka pamenepo kufika pa chitsa changa ndi pafupi moti “odi” wa amayi ankamveka ndithu. Ndiye kuti nthawi zonse zija tinkadikira, iwo ankadziwa kuti tili panja, akukazinga mazira a anthu ena.

“Agogo, munkagwira ntchito muno?” anafunsa Tadala.

“Ndionetse chithunzi. Cha antchito.”

Chili m'chipinda chachikulu, pamwamba pa malo osonkhapo moto. Anajambulira pa masitepe omwe aja. Bwana wakhala pampando, mwendo pamwamba pa unzake. Dona pambali pake ndi chipewa chotambalala. Galu wagona pamapazi awo, makutu ali njo, akuyang'ana wojambula. Kumbuyo kwaima anthu athu. Mesenjala, chifuwa patsogolo, maso gwa, ameneyo anali msilikali kale, anamuphunzitsa kuyang'ana kutsogolo. Dobi wochapa zovala, wa m'maluwa, onse maso otsika koma nkhope zikuoneka. Ndipo kumapeto kwenikweni, munthu wa thalauza loyera ndi epuloni, mapazi opanda nsapato.

Waweramitsa mutu. Osati pang'ono. Chibwano chafika pachifuwa. Chimene chikuoneka ndi kapusi yoyera ya ukhukhi ndi nsonga ya khutu limodzi. Dzanja lamanja lagwira mkono wamanzere kutsogolo, mmene timaimira pamaso pa akulu.

Pansi pake pali zolemba za pamanja, za Chingerezi. Tadala anandiwerengera. Dona analemba dzina la mwamuna wake, lake, ndi la galu. Galuyo anali Tobi. Ena onsewo anangoti antchito.

“Mwina si iwo,” ndinatero.

Tadala anatulutsa foni, anajambula chithunzicho, n'kuchikoka ndi zala ziwiri mmene mumachitira inu. Munthu uja anakula, anakula, mpaka pagalasi panatsala manja okha. Chipsera chija. Kuchokera pa chala chachikulu kufika pa mfundo ya mkono. Ndinamva fungo la jamu wa mapichesi m'chipinda mopanda jamu.

“Ndi abambo anga,” ndinatero. “Kweza pamwamba.”

Anakweza. Kapusi yoyera, yaikulu ngati mbale.

“Iwe, mafoni anuwa amachita zonse. Sungawadzutse mutu?”

“Sizingatheke, agogo.”

“Tayesa.”

“Agogo, chimene makina sanaone tsiku limenelo, palibe angachione.”

Ndiye ndinachita chinthu chimene mukachimva kwa ena mudzati agogo apenga, bola muchimve kwa ine. Ndinaganiza kuti munthu woweramitsa mutu amabisa nkhope kwa wamtali, koma kwa mwana wogwada patsogolo pake nkhopeyo imakhala poyera. Nthawi zonse zija pa mtengo wa mapichesi, abambo ankandiyang'ana ine pansi. Nkhope yawo inali pamwamba panga penipeni, ikundidikira. Ndinagwada pa simenti paja, pansi pa chithunzi, ndi jekete langa la kutchalitchi, n'kudzutsa maso kuyang'ana m'mwamba.

Pepala ndi pepala. Kapusi yomwe ija.

Ana asukulu anali atalowa. Wina anayamba kuseka, aphunzitsi ake anamutseka pakamwa. Ine sindinasamale. Ndinalankhula mokweza, mmene sindinalankhulirepo ndi abambo anga.

“Dzutsani mutu, bambo. Azungu anapita. Ndine Mateyu. Ndakula.”



Ndili chogwada choncho ndinamvetsa chinthu chimene sindinkachifuna. Wojambula uja anali mzungu. Atakweza makina ake n'kuwalozetsa kwa iwo, abambo anachita zimene amayi awo anawaphunzitsa powapotokola khutu. Zaka zonsezi m'mutu mwanga munali munthu wonyada, wovala nsapato, wotifulatira. Pakhoma paja ndinapeza mwana womvera, ngati ine ndemwe. Ndipo ndikuganiza kuti tsiku limene bwana anati tiye ku Halale, iwo anagwira mkono chomwecho, maso pansi, n'kuti inde. Mawu ena analibe.

Sindikuti ndawakhululukira, musathamange. Sukulu yanga sinabwerere. Amayi anafa akuyang'ana kunjira. Koma kudana ndi munthu woweramitsa mutu chonchija n'kovuta. Ndayesa sabata yonseyi, zikukanika. N'chifukwa chake mwandiona ndili duu. Ukali umene ndinkaotha moyo wanga wonse wazima, ndipo ndikumva kuzizira.

Kudzuka pansi paja inali nkhani ina. Mawondo anakana. Tadala anagwira mkono uwu, aphunzitsi aja mkono uwo, kundizula ngati chinangwa. Ndinawauza kuti simenti yawo ndi yoterera. Tadala anandipatsa mpando, wa alendo, osati wa m'chingwe, n'kufunsa dzina la abambo. Ndinamuuza. Anandibwerezetsa kuti alembe bwino, ndipo anati akawapempha akuluakulu ake kuti aliike pansi pa chithunzicho. Ndinati alilembe lalikulu kuposa la Tobi.

Potuluka anandifunsa, akumwetulira, ngati ndikufuna andiperekeze kuseri.

“Kuseri kuli chiyani? Chitsa?”

Ndinatsika masitepe akutsogolo, pakati penipeni, chipewa chili kumutu.

Ndinadzera kwa Che Saidi. Atandiona anasiya makina.

“Munadziwa,” ndinatero.

“Ndinadziwa.”

“Osandiuza bwanji?”

“Mukanapita?”

Anaitanitsa tiyi. Tinamwa, ndinatsanzika. Za buledi wanu, ndinafika pakhomo pa sitolo, ndalama ili m'manja. Anali akutsitsa wotentha kumene. Fungo lake linandibweza. Mudzadya ulendo wina.

Tsono tamverani. Ulemu sindikuuletsa. Mukandipatsa madzi mugwade, mukalandira kanthu manja awiri, ndipo iwe Pemphero ukadzandiyankhanso uli chiimire ndidzakuthyola. Koma maso anu ndikuwafuna. Amayi anu ndinawalera mmene anandilerera ine, ndipo ndikukayika ngati angakuuzeni mbali imene kuli dzino langa lothyoka. Inu mundiyang'ane. Muone mphunoyi, kaya nja aLazaro kaya nja yani. Muone makwinyawa, ndi khutu ili limene amayi analipinda. Si nkhope yokongola, aRozina ananena kale, koma ina palibe, ndipo mwina penapake pamenepa pali iwo.

Chisomo, tenga foni ija. Usanamizire kudabwa, ili pansi pa bondo lako. Pukuta manja kaye, adzaza dothi. Imirira apo, dzuwa likhale kumbuyo kwako. Ayi, usandiuze kuti ndiseke, sindiseka. Chipewa chikhale pomwechi.

Yandikira. Yandikiranso, manja ndi mapazi usiye, sizikufunika.

Jambula tsopano. Ndadzutsa mutu.